Phunziro la Chingerezi pa intaneti likamavuta: zizindikiro, zoyambitsa ndi kakonzedwe kake

Madandaulo a aphunzitsi a Chingerezi amene amaphunzitsira pa intaneti amakhala omweomwewo chaka ndi chaka: mawu akudukaduka, vidiyo ikuoneka koma siikumveka, mayeso odzichonga okha akulepheretsa wophunzira amene wayankha molondola, kalasi yonse ili zii. Chosokoneza n'chakuti pa phunziro la chiyankhulo vuto la makina limavala nkhope ya vuto la wophunzira. Wina akalemba "he walk" m'malo mwa "he walks", mphunzitsi amathamangira kubwereza galamala, chonsecho "s" uja sanafike n'komwe m'khutu, anatsalira mu hedifoni. Musanaweruze kuti wophunzira sakudziwa, tsimikizani kaye kuti zimene mwanena zamufikadi.

## Musanakhudze chilichonse

- Vutoli lagwera munthu mmodzi kapena onse? Likakhala la mmodzi, lili pa chipangizo chake kapena pa netiweki yake. Onse akamadandaula chinthu chimodzi, yambani kudzikayikira nokha.
- Chasintha n'chiyani kuyambira tsiku limene zinkayenda? Hedifoni yatsopano, chipinda china, pulogalamu imene yadzisintha yokha usiku.
- Likuchitika pa pulogalamu imodzi yokha? Ngati maiki ikugwira pa pulogalamu yojambulira mawu koma ikukana pa Zoom, maikiyo ndi yamoyo, vuto ndi katcheredwe ka Zoom.

Sinthani chinthu chimodzi, yesani, kenako china. Mukasintha zitatu pakamodzi n'kutheka, mawa vutolo lidzabweranso musakudziwa chimene chinathandiza. Phunziro lili mkati musapitirire mphindi 3 mukulimbana ndi makina. Apatseni ophunzira choti awerenge kapena alembe, vutolo mulionere pambuyo.

Pa chizindikiro chilichonse m'munsimu, zoyambitsa zandandalikidwa kuyambira chofala kwambiri.

## 1. Sakukumvani, kapena inu simukuwamva

1. Maiki ndi yotseka. Potsekera palipo patatu koma anthu amangoyang'ana pamodzi: batani la mu pulogalamu, kabatani kotsetsereka ka pa chingwe cha hedifoni, ndi batani la pa kiyibodi ya laputopu, limene nthawi zambiri limayatsa kagetsi likakhala lotseka.
2. Wophunzira walowa mu Zoom koma sanalumikize mawu. Mumudziwa chifukwa pafupi ndi dzina lake palibe chizindikiro cha maiki, ngakhale chodulidwa mzere chomwe. Mulembereni pa chat kuti adine "Join Audio". Kumufuulira sikuthandiza, sakukumvani.
3. Pulogalamu yasankha chipangizo china. Mukalumikiza pulojekita kapena sikirini yachiwiri ndi chingwe cha HDMI, kompyuta imakonda kutumiza mawu kumeneko ngakhale kulibe sipika. Dinani kamuvi ka pambali pa chizindikiro cha maiki, musankhe hedifoni yanu pa maiki ndi pa sipika pomwe, kenako muyese ndi "Test Speaker & Microphone".
4. Chilolezo chinakanidwa. Tsiku loyamba wophunzira anadina "Block" osawerenga, ndipo Chrome imakumbukira. Adine kachizindikiro ka kumanzere kwa adiresi ya tsambalo, alole maiki, atsegulenso tsambalo. Pa Windows 11 onani Settings, Privacy & security, Microphone. Pa foni, chilolezo chili m'katcheredwe ka pulogalamuyo.
5. Pulagi siyogwirizana ndi bowo. Hedifoni yokhala ndi maiki ili ndi timizere titatu pa pulagi, yongomvera ili ndi tiwiri. Kompyuta ya mabowo awiri, la pinki la maiki ndi lobiriwira la mawu, imafuna kachingwe kogawa. Popanda iko mumamva koma simumveka.
6. Foni yalandira kuitana. Mawu a phunziro amaduka ndipo nthawi zina sabwerera. Atuluke n'kulowanso.
7. Chipangizo chafa. Yesani hedifoniyo pa foni ina. Ikakana kumenekonso, nkhani yatha.

## 2. Mawu akumveka, koma "s", "f" ndi "th" zikufanana

Ili ndiye vuto limene limadya phunziro la Chingerezi mwakachetechete, chifukwa palibe amene amadandaula. Mukafunsa, aliyense akuti akumva bwinobwino. Koma akalemba zimene mwawerenga, mumapeza "sin", "thin" ndi "fin" zasakanikirana, "cats" yasanduka "cat", "walked" yasanduka "walk".

Chifukwa chake n'ichi. Mavawelo ndi amphamvu ndipo amamvekera m'munsi. "S" amamvekera pamwamba, mbali yake yaikulu kupitirira 4,000 Hz (Hz ndi muyezo wa kukwera kapena kutsika kwa mawu), ndipo "f" ndi "th" ndi zofooka mwachibadwa. Lamya yakale imanyamula mawu a pakati pa 300 ndi 3,400 Hz okha, ndipo chipangizo chilichonse chikapanikizika chimayamba kutaya mawu apamwambawo. Munthu wodziwa chiyankhulo amadzaza yekha zimene zasowa, amadziwa kuti pambuyo pa "three" pakubwera "cats". Wophunzira wa gawo la A1 kapena A2, magawo a ongoyamba kumene chiyankhulo, alibe chodzazira. Tsono galamala yambiri ya Chingerezi, kuchulukitsa, nthawi yakale, "s" wa munthu wachitatu, imakhala kumchira kwa mawu komweko kumene kumadulidwa.

1. Hedifoni ya Bluetooth. Imamveka bwino pa nyimbo, koma maiki yake ikangoyamba kugwira ntchito imasinthira ku njira ya kuimbirana foni, imene imadula mawu apamwamba. Mphunzitsi wa katchulidwe agwiritse ntchito hedifoni ya chingwe kapena ya USB. Ngati mulibe, mverani pa Bluetooth koma maiki musankhe ya laputopu.
2. Chochotsa phokoso chikulusa kwambiri. Mukatalikitsa "sssss" kapena "shhh" posonyeza katchulidwe, makina amayesa ndi fani kapena mphepo n'kuzimeza. Mu Zoom, pa Settings, Audio, tsitsani "Background noise suppression" kufika pa Low, kapena yatsani "Original sound for musicians". Njira yachiwiriyi imafuna chipinda chachete ndi hedifoni.
3. Maiki ili kutali kapena chipinda chikubweza mawu. Maiki ya hedifoni ikhale pambali pa kamwa, mpata wa zala ziwiri. Ikakhala kutsogolo kwenikweni, "p" ndi "b" zimaphulika. Ya laputopu isatalikirane nanu kupitirira masentimita 50. Chipinda cha makoma opanda kanthu chimaphimba zilembo zakumapeto, ndipo makatani kapena shelefu ya mabuku kumbuyo kwanu zimathandiza kuposa kugula maiki yodula.
4. Wophunzira akumvera pa sipika ya foni pamalo aphokoso. Timahedifoni wamba ta m'khutu n'tokwanira.
5. Netiweki yafooka. Onani chizindikiro 3.
6. Khutu la wophunzira silinazolowere mawuwo chifukwa m'chiyankhulo chake mulibe. Apa pokha ndi pamene pakufunika kuphunzitsa.

Kuti mudziwe chenicheni, jambulani pa foni mawu 10 ofanana pang'ono, monga "think" ndi "sink", "three" ndi "free", "play" ndi "plays", mutumize ngati fayilo. Kenako werengani ena 10 a mtundu womwewo phunziro lili mkati. Akakhoza a pa fayilo n'kulephera a pa phunziro, konzani makina. Akalephera konsekonse pa zilembo zomwezomwezo, phunzitsani katchulidwe.

## 3. Mawu akudukaduka, akuchedwa, kapena chithunzi chaima

Mawu okha safuna intaneti yambiri. Zoom imati mawu amafuna liwiro la intaneti la 60 mpaka 80 kbps (1,000 kbps ndi 1 Mbps), vidiyo ya anthu awiri pafupifupi 600 kbps, pamene vidiyo ya gulu ya 720p imafuna 2.6 Mbps potumiza ndi 1.8 Mbps polandira. Kwa mphunzitsi liwiro lofunika ndi lotumizira, osati lolandirira limene anthu amanyadira. Komanso liwiro si lonse. Pa Settings, Statistics, Zoom imaonetsa manambala atatu phunziro lili mkati: latency (kuchedwa kwa mawu kufika) isapitirire 150 ms (1,000 ms ndi sekondi imodzi), jitter (kusinthasintha kwa kuchedwako) isapitirire 40 ms, packet loss (tizidutswa ta mawu totayika panjira) isapitirire 2 pa 100 iliyonse. Malire a 150 ms ndi omwenso muyezo wa ITU, bungwe la dziko lonse loona za matelefoni, wotchedwa G.114 umapereka pa kukambirana kosavuta. Kupitirira apo anthu amayamba kudulana pakamwa.

1. Wi-Fi ndi yofooka pamene mwakhala. Sunthirani pafupi ndi rauta, kapena lumikizani chingwe cha netiweki. Mukakhala pafupi sankhani Wi-Fi ya 5 GHz. Ya 2.4 GHz imafika kutali koma imadzaza msanga ndipo uvuni wa microwave umaisokoneza.
2. Chinachake chikutumiza zinthu mobisa. Foni imene ikusunga zithunzi ku Google Photos kapena iCloud, OneDrive, Windows imene ikudzisintha. Ziimitseni phunziro lisanayambe.
3. Ena akuonera mavidiyo pa netiweki yomweyo.
4. Makamera achuluka. Zimitsani HD. Mu Google Meet tsitsani "Send resolution" kufika pa 360p, ndipo wophunzira wa netiweki yofooka asankhe "Audio only" polandira. Kamera imene iyenera kuzima pomaliza ndi ya mphunzitsi, chifukwa milomo yanu ndi mbali ya phunziro.
5. Kompyuta yalemedwa. Fani ikulira, chithunzi chanu chomwe chikuchedwa pa sikirini yanu. Chotsani chithunzi chobisa kumbuyo, tsekani masamba amene simukuwagwiritsa ntchito, lumikizani chaja, pakuti malaputopu ambiri amadzichepetsa mphamvu akakhala pa batire.
6. Bandulo ili pafupi kutha, kapena vuto lili kwa kampani ya intaneti.

Chinthu chimodzi si vuto loti n'kukonza: kubwereza mawu kalasi yonse pamodzi. Aliyense amafika kwa inu pa nthawi yake, ndipo pulogalamu imakweza mawu a ochepa n'kutsitsa ena. Auzeni abwereze maiki atatseka, kenako mutchule mayina awiri kapena atatu abwereze payekhapayekha.

## 4. Mawu akubwereza, kapena masipika akulira tswii

Amene sakumva kubwerezako ndi amene akuyambitsa. Sipika yake ikutulutsa mawu anu, maiki yake n'kuwatola n'kukubwezerani.

1. Wina akumvera pa sipika. Tsekani maiki onse, muzitsegula mmodzimmodzi mpaka kubwerezako kubwerere. Avale hedifoni kapena atsitse sipika.
2. Zipangizo ziwiri zili m'chipinda chimodzi, monga abale awiri, kapena inu nomwe pa laputopu ndi pa foni. Kutseka maiki yokha sikukwanira chifukwa sipika ikulankhulabe. Chipangizo chimodzi chichoke pa mawu kotheratu. Mu Meet, "Companion mode" inapangidwira zimenezi.

## 5. Vidiyo kapena nkhani yomvetsera siikumveka kwa ophunzira

1. Mwagawana sikirini popanda mawu. Mu Zoom chongani "Share sound" musanadine Share. Mu Teams yatsani batani lophatikiza mawu a kompyuta. Mu Meet sankhani kugawana tab ya Chrome. Mukaiwala, siyani kugawana muyambirenso.
2. Mukuiimbira pa foni pafupi ndi maiki. Musatero. Chochotsa phokoso chimaidula, ndipo mayeso omvetsera amasanduka mayeso olota.
3. Mawu akumveka koma vidiyo ikudumphadumpha. Tumizani linki, aliyense aonere kwake maiki atatseka, muwauze mphindi yoyambira ndi yolekezera.
4. Fayilo siikutseguka. Mauthenga a mawu a WhatsApp amakhala a mtundu wa opus, zojambula pa iPhone ndi m4a, ndipo makompyuta ena akale sazidziwa. Pulogalamu ya VLC imatsegula zonsezi, ndipo ya Audacity imasandutsa mawu kukhala MP3. MP3 ya 128 kbps imatenga pafupifupi 1 MB pa mphindi, WAV pafupifupi 10 MB, pamene Gmail siilola kumata fayilo yoposa 25 MB.
5. Mawu olembedwa pansi pa vidiyo ndi olakwika. Pa YouTube, amene alembedwa kuti "auto-generated" analembedwa ndi makina ndipo amaphonya mayina ndi mawu ofanana kamvekedwe monga "their" ndi "there". Awerengeni kaye nokha. Wolankhula akamathamanga, liwiro la 0.75 limathandiza. Kutsitsa kupitirira apo kumapotoza kamvekedwe ka chiganizo.

## 6. Wophunzira akulephera kulowa kapena kutsegula ntchito

1. Walowa ndi akaunti ina. Foni ili ndi Gmail yake ndi ya sukulu, linki yatsegukira pa yolakwika, ndiye akuona "You need access". Ayese pa windo la incognito, limene limatseguka lopanda akaunti iliyonse, Ctrl+Shift+N mu Chrome, alowe ndi akaunti ya sukulu yokha. Zikatheka, vuto linali limenelo.
2. Fayilo simunaitsegulire ena. Pa Share sankhani "Anyone with the link". Mu Google Classroom, "Make a copy for each student" imasankhidwa ntchito isanatumizidwe. Mukatumiza kale, pamafunika kuitumizanso mwatsopano.
3. Khodi ndi yakale kapena yalembedwa molakwika. PIN ya Kahoot, pulogalamu ya masewera a mafunso, imasintha masewera aliwonse. Zilembo "l" ndi "1", "O" ndi "0" zimapusitsa ophunzira amene sanazolowere zilembo za Chingerezi, choncho tumizani linki m'malo mowerenga khodi pakamwa.
4. Phunziro langoduka kwa onse nthawi imodzi. Zoom yaulere imatha pa mphindi 40, Meet yaulere ya anthu atatu kapena kuposa imatha pa mphindi 60. Ikani nthawi yopuma pamenepo.
5. Tsiku ndi nthawi za pa chipangizo n'zolakwika. Masamba otetezedwa amakana kutseguka. Tcherani kuti nthawi izidzikonza yokha.

## 7. Mayeso odzichonga okha akulakwitsa yankho lolondola

Kompyuta siidziwa Chingerezi. Imangoyerekeza zilembo za wophunzira ndi zimene inu munaika, chimodzichimodzi, ndipo kusiyana kumene diso silikuona iyo imakuona.

1. Yankho lina lolondola simunaliike. "Doesn't" ndi "does not", "colour" ndi "color", "7" ndi "seven", "learnt" ndi "learned". Google Forms ndi Moodle, mapulogalamu opangirapo mayeso otere, zonse zimalola mayankho angapo pa funso limodzi. Mu Moodle, kanyenyezi kamaimira zilembo zilizonse, koma musakamwaze, kamalola ndi zolakwika zomwe.
2. Apositirofi ndi ya mtundu wina. Kiyibodi ya kompyuta imalemba yowongoka, pamene iPhone ndi Microsoft Word zimalemba yopindika. Pa maso "don't" ndi "don’t" n'chimodzimodzi, kwa makina ndi mawu awiri. Ikani onse awiri pa mayankho, kapena wophunzira azimitse "Smart Punctuation" pa iPhone yake. Funso lililonse la mawu ofupikitsidwa limagwa m'mbuna imeneyi.
3. Mpata wosaoneka kumapeto. Kiyibodi ya foni imawonjezera mpata munthu akasankha mawu amene yamulosera.
4. Chilembo chachikulu kapena kadontho. Foni imakulitsa yokha chilembo choyamba. Mapulogalamu ena amasiyanitsa "Went" ndi "went", ena ayi. Yesani yanu.
5. Tsamba lamasuliridwa. Chrome ikhoza kumasulira mayeso onse m'chiyankhulo cha wophunzira, mafunso a galamala n'kusanduka zopanda mutu. Adine "Show original" ndipo aletse kumasulira masamba a Chingerezi.
6. Yankho lanu ndi limene lalakwika. Ophunzira anu odalirika akalephera funso limodzi onse, yang'anani funsolo.

Njira yopewera zonsezi ndi kulemba mayesowo inu nomwe pa foni, osati pa kompyuta imene munawapangira, musanawatumize. Mpata uliwonse ufune mawu amodzi kapena awiri. Ziganizo zathunthu muchonge nokha.

Palinso vuto lotembenuka: onse akukhoza sipelo pa foni koma akulephera pa pepala. Kiyibodi ndi imene ikukhoza. Mayeso a sipelo alembe pamanja, ajambule pepalalo. Nayo Kahoot imapereka malikisi ochuluka kwa woyankha msanga, choncho amene amawerenga pang'onopang'ono kapena wa netiweki yochedwa amatsalira ngakhale akudziwa. Ndi yabwino pokumbutsana, osati polembera malikisi a pa lipoti.

## 8. Pulogalamu yomvera mawu ikulemba zina, kapena ikuvomereza chilichonse

1. Chiyankhulo chatcheredwa molakwika. Pa Google Docs, Tools, Voice typing, onani kuti mwasankha Chingerezi, ndipo cha dziko liti. Pali cha America, cha Britain, cha India, cha South Africa ndi zina. Sankhani choyandikira kalankhulidwe ka wophunzirayo.
2. Maiki kapena phokoso, monga pa chizindikiro 2.
3. Makina akulosera. Samangomva, amasankhanso mawu amene akuyenerera m'chiganizo. Wophunzira akanena kuti "the sheep sailed into the harbour", makina angathe kulemba "ship" chifukwa nkhosa siyenda panyanja, iye n'kumaganiza kuti watchula bwino. Pofuna kuyesa katchulidwe, ikani mawuwo m'chiganizo chosapereka chithunzi, monga "I said ship again".
4. Katchulidwe kakufunikadi ntchito. Mudzadziwa ngati chilembo chomwecho chikuphonyedwa nthawi zonse pa zipangizo ziwiri zosiyana.

Malikisi a katchulidwe asachokere ku makina. Cholinga n'chakuti munthu amveke kwa anthu anzake, osati afanane ndi wa ku London.

## 9. Zolemba za wophunzira zakhala zabwino mokayikitsa

Amene m'kalasi amavutika ndi "a" ndi "the" wabweretsa chimangirizo chopanda banga, chodzaza "moreover" ndi "had it not been for".

1. Google Translate kapena ChatGPT. Kuyambira pamene ChatGPT inatuluka mu Novembala 2022, ichi ndiye choyamba kuganizira.
2. Zothandizira kulemba zimene iye sakuziona ngati kubera: Grammarly, kulosera kwa kiyibodi, mizere yokonza galamala ya mu Docs ndi Word.
3. Wina wamulembera kapena wamukonzera.
4. Amalemba bwino kuposa mmene amalankhulira. Alipo otere, makamaka amanyazi okonda kuwerenga.

Poyesa, tsegulani "Version history" mu Google Docs. Ntchito yolembedwa ndi munthu imakula pang'onopang'ono, ikufufutidwa ndi kukonzedwa, pamene yomata imatulukira yonse pa mphindi imodzi. Ngakhale apo musafulumire, ena amayamba kulemba pa pepala kapena pa pulogalamu ina. Mufunseni atanthauzire mawu atatu a m'chimangirizo chake, kapena alembe ndime imodzi pa mutu womwewo kwa mphindi 10 inu mukuona.

Musadalire mapulogalamu odzitcha ozindikira zolembedwa ndi makina. Kampani ya OpenAI, imene inapanga ChatGPT, inachotsa yake mu Julayi 2023 chifukwa inkaphonya kwambiri. Chaka chomwecho ofufuza a pa Stanford University anapeza kuti mapulogalamu oterowo anatchula zoposa theka la zimangirizo za mayeso a TOEFL, oyesa Chingerezi cha anthu a ziyankhulo zina, zolembedwa ndi anthu enieni, kuti n'za makina. Amakayikira kalembedwe ka mawu osavuta ndi obwerezabwereza, kamene ndi kalembedwe ka munthu amene akuphunzira chiyankhulo.

Kukonza kwenikweni kuli pa ntchito imene mukupereka. Ikhale yogwirizana ndi gawo lawo, ichokere pa zimene mwakambirana m'kalasi tsiku limenelo, ibwere m'magawo, poyamba mfundo, kenako zolemba zoyamba, kenako zokonzedwa, ndipo munene poyera chimene chikuloledwa: dikishonale inde, kumasulira chiganizo chonse ayi.

## 10. Makina onse ali bwino koma palibe akulankhula

1. Funso laponyedwa kwa aliyense. Pa intaneti palibe kuyang'anana m'maso, aliyense amadikira mnzake. Funsani funso, dikirani, kenako tchulani dzina.
2. Simukudikira mokwanira. Wofufuza za maphunziro Mary Budd Rowe anasonyeza m'zaka za m'ma 1970 kuti aphunzitsi amadikira pafupifupi sekondi imodzi, ndipo akadikira masekondi 3 kapena kuposa mayankho amatalika. Apa wonjezerani kuchedwa kwa netiweki, kufufuza batani la maiki ndi kupanga chiganizo m'chiyankhulo chachilendo. Werengani chamumtima mpaka 8.
3. Malangizo sanamveke. Alembeni pa chat m'ziganizo zazifupi, musonyeze chitsanzo ndi wophunzira mmodzi. "Do you understand?" aliyense amavomera. Funsani kuti "Who speaks first?" kapena "How many questions?"
4. M'timagulu ta breakout mulibe chogwirira. Atumizireni linki ya ntchito musanawagawe. Gulu likhale la awiri kapena atatu, likhale ndi choti libweretse pobwerera, ndipo nthawi ikhale yodziwika.
5. Nkhani yawakulira. Ofufuza za kuphunzira mawu, monga Paul Nation, amati munthu amafunika kudziwa pafupifupi mawu 98 pa 100 aliwonse kuti awerenge yekha momasuka. Vidiyo imene yakusangalatsani inu pa YouTube kawirikawiri siifika pamenepo kwa a gawo la A2.
6. Sali pamalo oti angalankhule momasuka. Mufunseni payekha. Mulole ayankhe pa chat, kenako atumize mawu ojambula.

## 11. Pamene muyenera kusiya n'kuitana wodziwa

Zimitsani, chotsani ku magetsi, pitani kwa mmisiri:
- Batire latupa: chivundikiro cha foni chikutukuka, kapena pogwira pa laputopu pakwera. Musaliboole, musalikanikize, musalitchajenso.
- Fungo la kupsa, chaja yotentha yosagwirika, chingwe chothetheka, kapena chipangizo chikukugwirani magetsi.
- Madzi alowa. Musayese kuyatsa kuti muone ngati ili moyo.

Woyang'anira makompyuta a sukulu:
- Chipangizo chikufuna pasiwedi ya woyang'anira, tsamba latsekedwa ndi netiweki ya sukulu, kapena akaunti ya wophunzira ikukanidwa ngakhale pa windo la incognito. Musazembe ndi VPN, pulogalamu yolambalala zotchinga za netiweki, ndipo musabwereke wophunzira akaunti yanu.
- Akaunti yanu ikutumiza mauthenga amene simunalembe. Sinthani pasiwedi pa chipangizo china, mudziwitse woyang'anirayo tsiku lomwelo.

Kampani ya intaneti: mwalumikiza ndi chingwe, zipangizo zina zonse mwazichotsa, koma packet loss ikupitirirabe 2 pa 100 pa nthawi zosiyanasiyana za tsiku.

Mkulu wa sukulu ndi woona za chitetezo cha ana: mlendo walowa m'phunziro, kapena wina waonetsa zolaula kapena zoopseza. Mu Zoom dinani "Suspend Participant Activities", mumuchotse, mutseke khomo ndi "Lock Meeting". Lembani nthawi ndi dzina limene analowera. Musafufuze nokha, ndipo zithunzizo musazitumize kwa wina aliyense.

A zaumoyo:
- Wophunzira akuphonya mawu a mitundu yonse ngakhale pa fayilo yomveka bwino ndi hedifoni yabwino, amakweza mawu mpaka kumapeto, amatchera khutu limodzi, kapena akuti m'khutu mukulira. Akayezetse makutu.
- Akusokoneza zilembo ndi kulumpha mizere m'chiyankhulo chake chomwe, osati m'Chingerezi mokha. Pakufunika katswiri wa mavuto a kuwerenga, osati homuweki yowonjezera.
- Mawu anu aphunzitsi asasa kupitirira masabata 3.

Popita kwa katswiri wa makina, tengani izi: mtundu wa chipangizo, dzina la pulogalamu ndi nambala ya mtundu wake, chithunzi cha uthenga wa vutolo monga unalembedwera, nthawi imene limachitika, manambala a pa Statistics ngati ndi nkhani ya netiweki, ndi mndandanda wa zimene mwayesa kale. Chipangizo chisanachoke m'manja mwanu, koperani kwina malikisi ndi mawu ojambulidwa a ophunzira, ndipo mutuluke mu akaunti ya sukulu.